Tisanaombe m'manja, tifunse: adzakonza ndani?

Kuseri kwa nyumba yosungiramo mbewu ya kopaletivi ina m'chigawo chapakati kuli njinga yamoto ya matayala anayi, ija ena amaitcha kuti kwadi. Yaima pamenepo kuyambira chaka cha 2023, ndipo nkhuku zinapezapo poikira mazira. Tsiku lomwe inkaperekedwa ena a ife tinalipo. Amayi anavina, amfumu analankhula, mlendo wolemekezeka anapereka makiyi kwa wapampando, tonse tinaomba m'manja. Kwa miyezi isanu ndi iwiri inagwira ntchito yosiririka. M'dzinja inkanyamula mlangizi wa kopaletivi kupita naye kumidzi ya kutsidya kwa dambo komwe galimoto safika, ndipo nthawi yokolola inkakoka kangolo ka matumba a soya ndi mtedza.

Sinaime chifukwa cha ngozi kapena akuba. Inaima chifukwa cha kamphira kakang'ono kamakwinyamakwinya komwe kamaphimba mfundo ya chitsulo chozungulitsa tayala lakutsogolo. Chitsa cha m'munda chinakaboola, ndipo palibe anaona. Girisi anatayika, mchenga ndi matope zinalowa, pokhota pakayamba kumveka phokoso logogoda, ndipo posakhalitsa mfundo yonse inadyeka. Mnyamata wapamsika yemwe amakonza njinga za kabaza anamasula bwinobwino n'kuionetsa komiti chomwe chafa. Iyeyo ntchito anaitha. Koma chitsulocho ku Lilongwe sichinapezeke, ku Blantyre chimodzimodzi. Pulojekiti yomwe inapereka njingayo inali itatseka maofesi, buku lofotokoza kasamalidwe kake silinaperekedwe n'komwe. Komiti inayamba kusonkhetsa ndalama zoti iitanitse chitsulocho ku South Africa, ndipo ili mkati mosonkhetsamo, mu Novembala 2023, kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti. Ndalama zomwe zinatsala pang'ono kukwana zinasanduka zoperewera kutali.

Maganizo athu ndi akuti kalabu kapena kopaletivi isamalandire kapena kugula makina otere ngati funso loti adzakonza ndani, ndi zitsulo zochokera kuti, komanso ndi ndalama za yani, lisanayankhidwe polemba. Tikudziwa kuti mawu amenewa sakoma m'makutu mwa ena. Pamwambo wathu munthu wolandira mphatso safunsa mafunso. Koma iyi si mphatso ya nkhuku. Ndi chinthu chomwe chidzafuna ndalama mwezi ndi mwezi kwa zaka zonse za moyo wake, ndipo wolipira ndi mlimi.

Tisanamizane kuti makinawa ndi oipa. Ndi abwino kwambiri pantchito yomwe anapangidwira. Kwawo kwenikweni ndi m'mafamu a ku America, Australia, New Zealand ndi Britain, komwe mlimi mmodzi amayendera nkhosa kapena ng'ombe zambirimbiri m'malo a mapiri ndi matope. Kampani ya Honda ya ku Japan ndiyo inayamba kugulitsa a matayala atatu mu 1970, ya Suzuki inatulutsa a matayala anayi mu 1982, ndipo mu 1988 a matayala atatu aja anasiya kugulitsidwa ku America chifukwa ankagubuduka kawirikawiri n'kupha anthu. Mlimi wa kumaikowo ali ndi wogulitsa zitsulo m'tauni yapafupi, buku la makinawo lili m'chilankhulo chake, ndipo ndalama yake siisungunuka ali m'njira yopita kusitolo. Kuno makinawa ndi ochepa, choncho wamalonda saona chifukwa chodzazira mashelefu ndi zitsulo zomwe mwina adzagulitsa kamodzi pachaka. Makina amafika okha, zonse zowazungulira zimatsala kwawo.

Alimi anzathu, tiyeni tione bwino zomwe njinga imeneyi imafuna, chifukwa ambiri omwe amasainira makiyi sanauzidwepo.

Moyo wa makinawa suwerengedwa ndi makilomita okha monga galimoto. Umawerengedwa ndi maola omwe injini yalira, ndipo ambiri ali ndi kawotchi kosonyeza maolawo. Mabuku a makampani ambiri amati oyilo woyamba achotsedwe pakatha maola pafupifupi 20 kapena 25, kenako pa maola 100 aliwonse kapena miyezi isanu ndi umodzi, kutengera chomwe chayamba kukwana. Maola 100 amamveka ambiri, koma njinga yogwira ntchito maola anayi patsiku imawamaliza m'masiku 25. Mabuku omwewo amawonjezera kuti pamalo a fumbi kapena matope zimenezi zizichitika pafupipafupi kuposa pamenepo. Ndi msewu uti wakumudzi kwathu kuno womwe si wa fumbi m'chilimwe ndi matope m'dzinja?

Oyilonso si aliyense. Pa mitundu yomwe kilatchi yake imakhala m'kati mwa oyilo wa injini, oyilo wina wa galimoto amachititsa kilatchiyo kuterereka, injini n'kumalira kwambiri koma mphamvu osafika kumatayala. Pachigubu cha oyilo woyenera mitundu imeneyi pamalembedwa kuti JASO MA. Oyilo woyezera m'mabotolo pamsika, yemwe sadziwika komwe wachokera, ndi wotchipa lero lokha.

Koma chomwe chimapha injini zambiri mwakachetechete ndi fumbi. Pansi pa mpando pali kabokosi ka sefa ya mpweya, ndipo pa mitundu yambiri sefayo ndi ya siponji. Imafuna kuichotsa, kuitsuka, kuiumitsa pamthunzi, kuipaka oyilo wake n'kuifinya kuti isadonthe, kenako kuibwezera mosamala kuti m'mbali musatsale mpata. Ntchito ya theka la ola, yosafuna ndalama zambiri. Ikalekedwa, kapena wina akachotsa sefayo poganiza kuti ikutsamwitsa injini, fumbi limalowa n'kumapala m'kati ngati mchenga wotsukira mphika. Poyamba simuona kanthu. Kenako utsi wabuluu, oyilo kutha msanga, kuvuta kulira m'mawa. Pofika pamenepo nkhani si ya siponji ayi, ndi yomasula injini yonse. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, sefa imeneyi iyenera kuonedwa sabata iliyonse.

Mitundu ina ilibe magiya osintha ndi phazi. Imayenda ndi lamba wamphira wochindikala, ndipo woyendetsa amangosankha giya yothamangira kapena yokokera. Lambayu amapsa munthu akamakoka ngolo yolemera, kukwera chitunda kapena kulimbana ndi matope ali pa giya yothamangira. Fungo la mphira wopsa ndilo chenjezo. Woyendetsa yemwe anaphunzitsidwa kwa tsiku limodzi lokha amadziwa kuti katundu akalemera agwiritse giya yokokera. Yemwe anangopatsidwa makiyi amadula lamba m'mwezi woyamba, ndipo lamba ameneyu simungamupeze pasitolo ya zitsulo za chigayo.

Nanga madzi? Njingazi zimaoloka timitsinje mosavuta, n'chifukwa chake timazikonda. Koma pambuyo pooloka madzi akuya pamafunika kutsegula timabokosi ta magiya a kutsogolo ndi kumbuyo n'kuona oyilo. Akaoneka ngati tiyi wothira mkaka, madzi alowa, ndipo ayenera kusinthidwa tsiku lomwelo. Matope ouma ndi njere za udzu zimatseka ladiyeta injini n'kumatentha mopitirira. Udzu wouma womwe umadzipanikiza pafupi ndi paipi ya utsi ungathe kuyaka, ndipo m'mwezi wa Okutobala moto umenewo sungathere panjinga pokha. Timphira tija ta pa mfundo za matayala timafuna munthu agwade n'kutiyang'ana madzulo aliwonse. Kamphira kong'ambika lero kakasinthidwa mawa, mfundo imapulumuka. Ku kopaletivi ija munthu wogwada ndiye analibe.

Pali nkhani ya mafuta yomwe ndi yathuyathu. Kuyambira 1982 petulo wa m'dziko muno amasakanizidwa ndi ethanol wopangidwa ku zotsalira za nzimbe, poyamba wochokera ku Dwangwa, pambuyo pake ndi ku Chikwawa komwe. Izi zili ndi ubwino wake kudziko, ndipo alimi a nzimbe ndi anzathu. Koma ethanol amakoka chinyezi. Njinga ikaima miyezi iwiri kapena itatu muli petulo, madzi amadikha pansi pa thanki ndipo timabowo ta m'kabuleta timatsekeka ndi zomata. Makina aulimi amaima kawirikawiri pakati pa nyengo ndi nyengo, ndiye vutoli limatipeza ife kuposa a kabaza omwe amayenda tsiku lililonse. Mankhwala ake ndi osavuta: kutseka kampopi ka petulo n'kusiya injini ilire mpaka izime yokha musanaisunge, kapena kuiliza ndi kuiyendetsa pang'ono sabata iliyonse. Pa nthawi ya kusowa kwa mafuta, pamene tonse timagula wa m'zigubu m'mbali mwa msewu, petuloyo asefedwe asanalowe m'thanki.

Tsopano matayala, ndipo apa nkhani si ya ndalama yokha, ndi ya moyo. Tayala la kwadi limafuna mpweya wochepa kwambiri, pakati pa 3 ndi 5 psi pa mitundu yambiri, pamene la galimoto yaing'ono limafuna pafupifupi 30. Geji wamba ya pamalo omwetsera mafuta siitha kuwerenga bwino mpweya wochepa chotero; pamafunika kageji kake kapadera. Munthu wosadziwa amapopa mpaka tayala lilimbe gwa, poganiza kuti akuchita bwino. Zikatero njinga imadumphadumpha, siigwira nthaka, ndipo ngati tayala limodzi lalimba kuposa linzake imakokera mbali imodzi. Pamalo otsetsereka zimenezi n'zokwanira kuigubuduza. Katundunso ali ndi malire. Pa mtundu wina wodziwika wa Honda, wa injini ya 420, chonyamulira cha kutsogolo chimaloledwa makilogalamu 30 ndipo cha kumbuyo 60. Thumba limodzi la feteleza ndi makilogalamu 50. Ndani mwa ife sanaonepo matumba atatu kumbuyo, ndi mwana atakhala pamwamba pake? Mpando wa njingazi ndi wautali osati kuti pakwere anthu awiri, koma kuti woyendetsa azisuntha thupi pokwera, potsika ndi pokhota.

Ku Australia, kwa zaka zingapo, njinga zimenezi zinali pakati pa zinthu zopha anthu ambiri m'mafamu, ambiri mwa iwo atapanikizidwa pansi pa njinga yogubuduka. Bungwe la alimi la kumeneko, National Farmers' Federation, linali m'gulu la omwe anakakamira kuti boma liike lamulo. Kuyambira Okutobala 2021 kwadi yatsopano iliyonse yantchito yogulitsidwa m'dzikolo iyenera kukhala ndi chitsulo chotchinjiriza woyendetsa ikagubuduka. Makampani ena akuluakulu, monga Honda ndi Yamaha, anakana ndipo anasankha kusiya kugulitsa njingazi kumeneko. Alimiwo sanabwerere m'mbuyo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ngati alimi okhala ndi zipatala zabwino ndi ndege zonyamula ovulala anaona kuti nkhaniyi si yamasewera, nanga ife omwe chipatala chili makilomita makumi angapo pamsewu wafumbi?

Wakutsina khutu ndi mnansi, choncho tidzitsine tokha tisanaloze ena. Makina ambiri a magulu amafa chifukwa cha ife eni. Njinga ya kopaletivi imasanduka ya wapampando. Imapita kumaliro, kuukwati, kumsika, kukatenga mlamu kudepoti, ndipo palibe amalemba. Aliyense wodziwa kuyendetsa njinga yamoto amaikwera. Ndalama zomwe mamembala amalipira ponyamulitsa katundu zimalowa m'thumba limodzi ndi zina zonse, zimathera ku zakudya za pamisonkhano, ndipo tsiku la oyilo likafika msungichuma amatambasula manja. Chinthu cha tonse chimasowa wochiyang'ana kunsi.

Zokonza zake si zovuta kumva. Pakhale kope la sukulu lomangirira kunjingayo, lolembamo tsiku, woyendetsa, komwe yapita, maola poyamba ndi pomaliza, petulo wothiridwa ndi chilichonse chomwe chasinthidwa. Oyendetsa akhale awiri okha odziwika, ovala chisoti, ndipo palibe chifukwa choti onse akhale abambo. M'magulu ambiri amayi ndiwo asonyeza kusamala katundu wa gulu. Pa ndalama iliyonse yomwe njinga yapanga, gawo lina lipite padera, kuakaunti yosatsegulidwa popanda anthu awiri kusaina, ndipo gawolo liwerengedwe pa ola lililonse lomwe injini yalira, ngakhale ulendowo ukhale wa wapampando. Gulu lomwe laona kuti silingakwanitse zimenezi ladziyankha lokha kuti silinakonzeke kukhala ndi makina.

Komabe sitingavomere kuti mlandu wonse ukhale wa mlimi. Mabungwe ndi mapulojekiti omwe amagula makinawa amakhala ndi akatswiri ogula zinthu, amayerekeza mitengo, amalemba malipoti. Amadziwa bwino lomwe kuti lamba amaduka ndipo sefa imatha. N'chifukwa chiyani bajeti imakwana kugula njinga, kulipira mwambo woperekera ndi malaya olembedwa dzina la pulojekiti, koma siikwana kugula lamba wachiwiri ndi timphira tinayi? Chithunzi cha tsiku loperekera chimalowa m'lipoti. Chithunzi cha zaka ziwiri pambuyo pake palibe amabwera kudzajambula.

Tikupempha kuti aliyense wopereka makina otere kwa alimi azipereka pamodzi ndi buku lake lenileni lokonzera, osati kapepala kotsatsira malonda, komanso tsamba limodzi la m'Chichewa kapena chilankhulo cha deralo lonena zoyenera kuchita tsiku lililonse, sabata iliyonse ndi pa maola 100. Azipereka zitsulo zotha msanga zokwanira zaka ziwiri, kageji ka matayala ndi zisoti. Aziwonetsa polemba dzina la wogulitsa wa m'dziko muno yemwe amasunga zitsulo za mtundu umenewo, ndipo komiti ikhale ndi ufulu woimba foni kukafunsa mtengo wa lamba isanasaine chilichonse. Koposa zonse, aziphunzitsa makaniko wa m'dera lomwelo. Anyamata okonza njinga za kabaza ali pamsika uliwonse masiku ano, manja awo ndi ozolowera kale injini zazing'ono, ndipo zomwe akusowa ndi masabata ochepa ophunzira za lamba, magiya a matayala onse anayi ndi mawaya. Akaphunzira amakhalabe pamsikapo pulojekiti itapita.

Pali chopinga china chomwe chikukula. Njinga zatsopano zambiri zilibenso kabuleta. Mafuta amapoperedwa ndi kapampu ka m'thanki ndipo kakompyuta ndiko kamalamula injini. Zimalira msanga m'mawa ndipo zimamwa petulo mosamala, izi n'zoona. Koma zikadwala, nyali imayaka pagalasi, ndipo nthawi zina kuti mudziwe chavuta pamafunika chipangizo choyezera chomwe chili ndi wogulitsa wovomerezeka yekha. Vuto limeneli alimi a ku America alimbana nalo kwa zaka zambiri pa mathirakitala ndi makina okololera. Mu Januwale 2023 bungwe lawo la American Farm Bureau Federation linasainirana mgwirizano ndi kampani ya John Deere woti alimi ndi amakaniko oima paokha azipeza mabuku ndi zipangizo zoyezera. Chaka chomwecho chigawo cha Colorado chinakhazikitsa lamulo lopatsa mlimi ufulu wokonza makina ake aulimi, lomwe linayamba kugwira ntchito mu Januwale 2024. Nkhaniyo sinathere pomwepo: mu Januwale 2025 bungwe la boma loona za malonda, Federal Trade Commission, linasumira kampaniyo ponena kuti imakakamiza alimi kudalira ogulitsa ake pokonza makina. Ngati mlimi wa ku America, yemwe wogulitsa ali pamtunda woyenda ola limodzi, akuti zimenezi zikumupweteka nthawi yokolola, kwa ife omwe chipangizocho chingakhale kunja kwa dziko ndiye kuti njinga yafa ndithu. Pogula, funso loti kodi makaniko wamba angathe kudziwa chavuta popanda kompyuta ya kampani lifunsidwe poyambirira.

Ku boma tili ndi zopempha zathu. Bungwe la TEVETA, lomwe lakhala likuyang'anira maphunziro a ntchito zamanja kuyambira 1999, pamodzi ndi makoleji a m'madera omwe anayamba kutsegulidwa mu 2015, liike kukonza makina ang'onoang'ono aulimi pakati penipeni pa maphunziro ake: mapampu a mthirira, makina otongolera chimanga, mathirakitala oyenda nawo pansi, njinga za matayala atatu ndi anayi. Unduna wa zachuma uganizire zitsulo zosinthira pokonza ndondomeko ya misonkho, chifukwa kuthandiza kuti makina alowe m'dziko koma osathandiza kuti akhale ndi moyo n'kuthira madzi m'dengu. A Malawi Bureau of Standards afike m'misika ya m'midzi kukaona oyilo yemwe akugulitsidwa kumeneko. Ndipo alangizi akamayendera magulu, azifunsa kuona kope la makina monga momwe amafunsira kuona munda wachitsanzo.

Tinene chinanso chomwe ena sangakonde. Kwa magulu ambiri kwadi si yankho loyenera n'komwe. Njinga yamoto wamba, kapena ya matayala atatu yokhala ndi bokosi kumbuyo, ili ndi zitsulo zomwe zimapezeka mosavuta chifukwa cha kuchuluka kwa kabaza. Ngolo ya ng'ombe siifuna ndalama zakunja, ndipo ng'ombezo zimalima ndi kupereka manyowa. Kwadi imapambana pamalo a matope, mchenga ndi zitunda pomwe zinazi zimalephera, ndipo gulu lomwe lili m'malo otere, lokhala ndi ntchito yoipatsa chaka chonse, lingapindule nayo kwambiri. Koma chisankhocho chikhale cha alimi atawerengera, osati cha munthu wa muofesi yemwe anaona chithunzi chokongola m'kabuku ka malonda. Komiti yonena kuti "zikomo, koma ndalama yomweyo mutigulire ngolo ziwiri ndi ng'ombe zinayi" siinachite mwano. Safunsa anadya phula.

Kopaletivi ija yagwirizana kuti ikagulitsa soya idzaitanitsa chitsulo chija. Makaniko wawachenjeza kale kuti asayembekezere kuti nkhani ithera pamenepo. Batire inafa kalekale, matayala awiri ang'aluka ndi dzuwa, makoswe adya mawaya a pansi pa mpando, ndipo kabuleta iyenera kumasulidwa yonse, chifukwa tsiku lomwe njingayo inkakankhidwira kuseri kwa nyumba m'thanki munali petulo wodzaza.